Masabata Awiri ku Ulongwe

Tinatsika ndege pa Chingodzi dzuwa likuswa mtengo.
Zito anavula juzi, anavula nsapato,
khungu likanakhala ndi mabatani akanavulanso.
Lonjezo anakakamira pa zenera la shapa
kuwerenga mbuzi m'Chipwitikizi chake chomeza mawu.
Anafika pa makumi asanu tisanadutse malole a malasha a ku Moatize,
tulo tinamulanda zotsalazo.

Ku Ulongwe mphepo ya Ogasiti inatilonjera m'mafupa.
Jasinta anali pa siteji, chipewa chaubweya mpaka m'nsidze,
anakuwa dzina langa la ku sukulu, “Beta wa mpata m'mano!”
Zaka zisanu ndi zitatu popanda wondiitana choncho.
Ku Setubal ndine mayi wa kochapira,
wopinda nsalu zogonera za nkhalamba za eni.

Kumeneko timakhala pa nsanjika yachinayi, zipinda ziwiri.
Armindo amalowa m'bandakucha akununkha nsomba za m'firiji
ine ndikumanga zingwe za nsapato.
Timapatsirana ana pakhomo,
uyu wamwa mankhwala, uyo akufuna ndalama ya ulendo wa sukulu,
chitseko n'kutseka, ukwati wa tsikulo watha.
Mkulu wa pansi pathu amagogoda denga ndi tsache
Zito akangothamanga.
Ndinaphunzitsa ana anga kunyang'ama
m'nyumba yomwe timalipira tokha.

Ndiye tsiku loyamba pa bwalo la Jasinta
mwanayo anathamangitsa nkhuku masitepe asanu,
anaima,
anandiyang'ana,
kudikira tsache.
Ndinalowa m'khitchini kukanamizira utsi.

Madzulo anabwera Odete, choko chikadali m'zikhadabo.
Tinakhala atatu pa benchi yomwe tinkakhalapo anayi.
Maliro a Marieta ndinawaonera pa foni
pakati pa makina awiri ochapira, mawu nditatseka.
Malo anga mu shitiki anatenga mlamu wa Odete, kalekale.
Ankaseka za anthu omwe sindiwadziwa,
wansembe watsopano, wapolisi wa pa Calomue wokonda mazira owiritsa,
ine kuseka mochedwa,
ngati mlendo wongoyankha ameni.

“Nanga kunjako?”
“Kuli bwino.”
Jasinta sanayankhe. Anatenga manja anga, anawatembenuza,
anaona ming'alu ya mankhwala ochapira,
anaika ake pambali, ong'aluka ndi dothi la mbatatesi za ku Tsangano.
Anatulutsa kabotolo ka mafuta m'kapulana,
anandipaka chala chimodzichimodzi
uku akupitiriza nkhani ya mtengo wa feteleza.

Foni yake itaitana ndinaona mmene anandilembera:
Beta Kunja.
Ine ndinamulemba Jasinta Kwathu.
Sindinamuuze.

Pofika Lachisanu mawondo a Lonjezo anali otuwa,
masaya otupa ndi masau.
Ana a Jasinta ankamuseka akamati “bwanji”,
iye kuwabwezera m'chilankhulo cha ku Setubal,
mpira wa mapepala osasamala za zonsezo.
Mawu oyamba omwe anabwera nawo m'nyumba anali “ndipatseko”.
Achiwiri sindingawalembe pano.
Ndinamukalipira, koma usiku ndinawatumiza kwa Armindo,
anayankha ali pa ntchito kuti walira ndi kuseka.

Masabata awiri ndi madzi a m'manja.
Jasinta anadzaza chikwama ndi nyemba, masau ouma, chikowa chokutira m'nyuzipepala,
zinthu zomwe ndikudziwa kuti adzandilanda ku Lisboa.
Ndinalandira ndi manja awiri.
Pa siteji ndinayamba kunena kuti tsalani bwino,
iye anandigwira pakamwa.

Shapa italiza injini, Zito anatulutsa mutu pa zenera.
Anali atamva anzake amati chiyani
akamazemba pang'ono kupita kuseri kwa nyumba,
ndiye anakuwa ndi mphamvu zake zonse za zaka zitatu:
“Ndikubwera!”

Jasinta anangoti, “Fulumira, iwe.”

Mpaka pa Mussacama palibe anawerenga mbuzi.